Bwanji osasunga malaiti m'koilo?

Chaka cha 2024 madzi atatsika pa Kariba, munthu aliyense mu Lusaka anasanduka katswiri wa magetsi. M'minibasi ya ku Chelstone kapena ya ku Kanyama unkamva amayi ogulitsa tomato akutsutsana za batire la lithium ndi la gel, kondakitala naye n'kumaponyapo mlomo za mapanelo a sola. Boma linali litalengeza mu February kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika chakumapeto kwa chaka malaiti ankatha kusowa maola 20 kapena kuposa pa tsiku. Zikafika pamenepo munthu umaphunzira ngakhale zimene unkazithawa kusukulu.

Poti anthu a m'dera lathu amadziwa kuti ndimakonza ma inverter ndi matchaja, mafunso ankabwera kwa ine. Ambiri anali a mitengo ya zinthu. Limodzi lokha ndi limene linandikhalira m'mutu, ndipo linachokera kwa mwana wa mlongo wanga, amene nthawiyo anali mu Grade 12.

"Amalume, buku la Physics likuti koilo imasunga mphamvu. Mkuwa kuno kwathu ndi wosayamba. Bwanji osangokulunga chikoilo chachikulu, malaiti akabwera tizidzazamo, akapita tizitapamo?"

Funsoli si lachibwana, ndipo buku silinaname. Koilo imasungadi mphamvu. Kungoti imasunga zochepa kwambiri, komanso sigona nazo. Imazibweza musanaphethire n'komwe. Chikhalirecho chinthu chosunga moperewera chonchi chili paliponse pamene pali magetsi, kuyambira mu tchaja ya foni mpaka pa sabusiteshoni ya Leopards Hill. Ndiye ine funso limene limandikoma ndi lakuti, ngati imasunga zochepa chotere, tikuifuniranji?

Mu 1820, ku Copenhagen, Hans Christian Ørsted anaona kuti akadutsitsa karenti m'waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imatembenuka. Ndiye kuti waya aliyense wonyamula karenti amazunguliridwa ndi maginito, ngakhale waya wa ayironi yanu. Pa waya woongoka maginitowo ndi ofooka. Mukamukulunga wayayo ma turn ambiri, maginito a turn iliyonse amaphatikizana pakati pa koiloyo, ndipo mukalowetsapo chitsulo amakula kambirimbiri. Koilo, imene mabuku amaitcha inductor, ndi chimenechi basi: waya wokulunga. Ikakula mpaka yobwera pa lole n'kukaikidwa pa sabusiteshoni amaitchula reactor, ndipo sikhudzana n'komwe ndi za nyukiliya.

Pa 29 August 1831, Michael Faraday ku London anatenga mphete yachitsulo n'kukulungapo mawaya awiri osakhudzana, wina mbali iyi wina mbali inayo. Woyamba anamulumikiza ku batire, wachiwiri ku chida cha singano. Singano inagwedezeka pamene ankalumikiza batire, kenaka n'kubwerera pamalo pake ngati palibe chachitika. Pochotsa batire inagwedezekanso, koma kulowera kwina. Karenti ikamangoyenda mosasintha, zii. Ku America nako Joseph Henry anali ataona kuti waya wautali wokulunga amathetheka moto pomuchotsa pa batire, pamene pomulumikiza sanathetheke. Anazilemba mu 1832, ndipo muyeso wa koilo unadzatenga dzina lake, henry. Heinrich Lenz ndiye anamanga mfundo mu 1834: voteji imene koilo imabala nthawi zonse imalimbana ndi kusintha kumene kwaibala.

Koilo ilibe mlandu ndi karenti. Mlandu wake uli ndi kusintha kwa karenti. Mukafuna kuti karenti ikwere, maginito ayenera kukula, ndipo pokulapo amabala voteji yokankhira m'mbuyo. Batire liyenera kugwira ntchito kuti ligonjetse kukankhako, ndipo ntchito imeneyo sitayika, imakhala m'maginitomo. Mukafuna kuti karenti itsike, maginito amafota n'kubala voteji yokankhira kutsogolo, kubweza zimene analandira.

Amene anakankhapo wilibala yodzaza matumba pa Soweto Market, ija amati Zamcab, zimenezi amazidziwa m'mapewa mwake. Kuidzutsa n'kovuta. Ikagwira liwiro imangofuna kukankha pang'ono kolimbana ndi matope. Koma wina akatulukira kutsogolo mwadzidzidzi, siima chifukwa choti mwaiuza. Mphamvu munaikamo ija iyenera kupita kwinakwake, kaya m'manja mwanu kaya m'miyendo ya mnzanuyo. Kulemera kwa katundu ndiwo ma henry, liwiro ndiyo karenti. Ngakhale masamu ake ndi amodzi. Mphamvu ya m'koilo ndi theka la ma henry, kuchulukitsa ndi karenti, n'kuchulukitsanso ndi karenti yomweyo: E = ½LI², yankho mu ma joule, muyeso wa mphamvu. Karenti ikawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ma turn akawirikiza kawiri pa chitsulo chomwecho, ma henry amawirikiza kanayi.

Tsopano ikani ziro pamalo pa karenti. Mphamvu nayo ndi ziro. Batire mutha kulichotsa, kulisiya kuseri kwa chitseko, mawa n'kulipeza lili ndi moto wake. Capacitor, chipangizo china chosunga magetsi, nayonso imasunga ili chete, n'chifukwa chake imaluma munthu amene watsegula TV kapena inverter yozima n'kulowetsamo chala. Koilo ayi. Imasunga pokhapokha karenti ikuyenda.

Ine zimenezi ndinazionera pafupi pa nyale za chubu, zija zazitali zinali m'makalasi ndi m'mashopu onse ma LED asanabwere. Bambo amene anandiphunzitsa ntchito, pa kashopu kawo ku Matero, sankalola mwana wophunzira kutaya chinthu asanachitsegule. Anandifunsa tsiku lina, atanyamula chubu m'dzanja ili ndi sitata m'dzanja linalo:

"Iwe, pa soketi pali mavoti 230. Chubu ichi sichingayambe ndi 230. Nanga enawo amachokera kuti?"

Amachokera ku choke, koilo ya m'kabokosi kolemera kaja kamabisala m'chitsulo cha nyale. Mu sitata muli kagalasi kakang'ono ka gasi, mkati mwake muli kachitsulo kamene kamapindika kakatentha. Mukayatsa swichi gasi uja amawala, kachitsuloko kamatentha n'kupindika mpaka kukhudza kanzake. Pamenepo karenti imadutsa mu choke ndi m'timawaya ta kumapeto kwa chubu, timawayato n'kuyamba kufiira. Koma zitsulo zikakhudzana gasi amasiya kuwala, kachitsulo kamazizira n'kulekana ndi kanzake. Njira yadulidwa karenti ili pakati pa ulendo. Choke sivomereza zimenezo: imaponya voteji ya mazanamazana, nthawi zina kuyandikira 1,000, ndipo gasi wa m'chubu amabooleka n'kuyaka. Kuphethiraphethira kuja nyale isanayake ndi sitata ikubwereza, chifukwa nthawi zina imadula pamene karenti ya AC, ija ya pa soketi yosinthasintha kolowera, ili pafupi ndi ziro, choke ilibe chobweza. Nyale ikayaka, choke yomweyo imasintha ntchito n'kukhala mlonda, chifukwa gasi woyaka akasiyidwa yekha amakoka karenti mosaleka mpaka chubu kuwonongeka. Mphamvu yonse yochitira zimenezi sikwana ngakhale joule imodzi.

Atatero bambo aja anatenga choke yopsa, yonunkha vanishi, n'kuiswa ndi tchizulo. Mkati munali waya wopyapyala wa mkuwa wokutidwa ndi enamel, wina atada ndi moto, ndi timapepala tachitsulo tosanjikizana, kalikonse kopakidwa kuti kasagwirane ndi kanzake. Sagwiritsa ntchito chitsulo chamtunthu chifukwa maginito osinthasintha amayendetsanso karenti m'chitsulomo n'kuchitenthetsa. Kuchidula m'timapepala n'kutseka njira ya karenti yosafunikayo. Kenaka analoza ndi nsonga ya sikuludiraiva pa kamzere kamene zitsulo ziwiri zinkayenera kukumana koma sizinakumane. Panali kampata kosakwana milimita imodzi, kotsekeredwa ndi kapepala kolimba.

"Ukuona apa? Mphamvu imakhala apa. Chitsulo ndi njira chabe."

Mawuwa amamveka ngati nthabwala, koma masamu amawavomereza. Maginito amadutsa m'chitsulo mosavuta kwambiri, kuposa mumpweya ka 2,000 kapena kupitirira, malinga ndi mtundu wa chitsulo. Chimene chimapangika mosavuta sichidya ntchito yambiri, ndiye sichisunganso zambiri. Tiyerekeze kuti njira ya maginito m'chitsulo ndi masentimita 20. Mukagawa ndi 2,000 mupeza kuti chitsulo chonsecho chikufanana ndi mpweya wa 0.1 ya milimita. Ndiye mukasiya mpata wa milimita imodzi, kampatako kamasunga mphamvu yochuluka kakhumi kuposa chitsulo chonse chija. Chinthu cholemera chimene mwanyamula m'manja ntchito yake ndi kusonkhanitsa maginito n'kuwaperekeza pa kamalo kamene palibe kanthu.

Palinso chifukwa china chosiyira mpatawo. Chitsulo chimakhuta. Chikafika pa matesla 1.5 mpaka 2 (tesla ndi muyeso wa kulimba kwa maginito) sichilandiranso maginito ena, ndipo ferrite, chija chakuda chophwanyika ngati mbale chimene chili m'matchaja, chimakhuta chisanafike pa theka la tesla. Chitsulo chikakhuta ma henry amagwa nthawi yomweyo, koilo imasanduka waya wamba, karenti n'kulumpha. Mpata umachedwetsa kukhutako. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona munthu wokonza zinthu akumasula koilo, kapepala kaja n'kugwa pansi, iye n'kumanga popanda iko poganiza kuti ndi zinyalala, kapenanso kuthinitsa zitsulo dala kuti zisamalire. Chinthucho chimayaka bwinobwino pa benchi. Chimakapsera kunyumba kwa mwini wake katundu akachuluka.

Nanga chikoilo cha mphwanga chija chingasunge zingati? Yuniti imodzi, ya mayuniti amene timagula aja, ndi ma joule 3,600,000. Mutati mupange mpata waukulu wa mita imodzi mbali zonse, kukula kwa thanki ya malita 1,000, n'kuudzaza maginito a matesla 1.5, mungasungemo ma joule pafupifupi 900,000. Ndiye kuti kota ya yuniti. Batire wamba la mavoti 12 la 100Ah limasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo munthu mmodzi amalinyamula.

Vuto lachiwiri ndiye lalikulu. Kuti maginitowo akhalepo, karenti iyenera kumayendabe, ndipo mkuwa, ngakhale wabwino bwanji wa ku Luanshya, umakaniza karenti pang'ono. Kukanizako kumasanduka kutentha. Mukachotsa magetsi n'kulumikiza mapeto awiri a koilo kuti karenti izingozungulira, imafota pa nthawi yofanana ndi ma henry kugawa ndi ma ohm, muyeso wa kukaniza kuja. Pa choke ya nyale ndi kachigawo kochepa ka sekondi. Pa koilo yaikulu kwambiri ya mkuwa mwina masekondi angapo. Malaiti akapita 05:00, pofika 05:01 mulibe kanthu, chatsala ndi waya wofunda.

Njira yozembera kukanizako ilipo, koma si ya pakhomo. Mu 1911, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anazizitsa mercury mpaka pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro n'kupeza kuti kukaniza kwatheratu. Koilo ya waya wotere mukaidzaza karenti n'kuitseka, karenti imazungulira osafota. Makina a MRI a m'zipatala amagwira ntchito chonchi, ambiri pa matesla 1.5, ndipo maginito ake amakhalapo usana ndi usiku malinga helium wozizitsa asathe. Ku CERN, malo ofufuzira sayansi a pamalire a Switzerland ndi France, kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 yokhala ndi maginito akuluakulu opinda njira okwana 1,232, lililonse lotalika mamita 15. Onse akadzaza amasunga ma joule pafupifupi 10 biliyoni. Chiwerengerochi chimaopsa mpaka mutachitembenuza kukhala mayuniti: ndi pafupifupi 2,800. Kafue Gorge Lower, ya 750 MW, ikamagwira ntchito mokwana imatulutsa zimenezo m'masekondi 13.

Komabe musazipeputse, chifukwa zikatuluka nthawi imodzi zimaswa zinthu. Pa 19 September 2008, polumikizira pamodzi pakati pa maginito awiri a ku CERN panatentha n'kuduka karenti ikuyenda. Makoilo sanalole kuima. Moto unalumpha pampatapo n'kuboola chotengera cha helium, helium anaphulika kukhala mpweya, maginito olemera matani ambiri anasunthika pamalo pake. Anatulutsa maginito 53 kukakonza, ndipo makinawo sanagwirenso ntchito mpaka November 2009. Ndi khalidwe lomwe lija la choke ndi sitata, kungoti uku kunalibe chubu choyembekezera.

Ndiye yankho la funso langa lija ndi nthawi. Koilo si yosungira za mawa. Phindu lake ndi lakuti imalandira ndi kubweza mofulumira koopsa, ndipo itha kutero mabiliyoni a maulendo osatopa, pamene batire limakalamba ndi kutchaja kulikonse.

Tsegulani tchaja ya foni yakufa. Mupeza kachinthu kokulungidwa ndi tepi yachikasu, kooneka ngati thiransifoma yaing'ono. M'matchaja ambiri kameneka kamagwira ntchito mosiyana ndi thiransifoma ya pa polo. Transistor, imene ndi swichi yamagetsi, imatsegula njira, karenti imakwera m'koilo yoyamba, mphamvu imadzaza m'kampata ka mu ferrite. Transistor imatseka, ndipo mphamvuyo imatulukira m'koilo yachiwiri kupita ku foni. Kulowa ndi kutuluka sizichitika nthawi imodzi. Tchaja ya mawati 10 imene ikuchita zimenezi ka 100,000 pa sekondi imangonyamula 0.0001 ya joule paulendo uliwonse. N'chifukwa chake tchaja ya lero imakwana m'thumba la shati, pamene ma adapter a mawailesi akale ankalemera m'dzanja: aja ankayendera 50 pa sekondi, ndiye ankafuna chitsulo chambiri.

Ma controller a sola a MPPT nawonso ndi choncho. Mapanelo akutulutsa mavoti 60 kapena 100, batire likufuna 14 kapena 28. Mukatsitsa ndi resistor, zotsalazo mwaziwotcha. M'malo mwake swichi yamagetsi imadula karenti maulendo masauzande ambiri pa sekondi, ndipo koilo, kawirikawiri mphete yokulungidwa waya wonenepa, imadzaza swichi ikatsegula njira n'kupitiriza kukankhira karenti ku batire swichi ikadula. Voteji yatsika, karenti yakwera, zotayika ndi zochepa. Kotero chilala chija anthu anapulumukira mabatire, inde, koma mphamvu yambiri yolowa kapena kutuluka m'mabatirewo inkadutsa m'manja mwa koilo. Pano ndinene maganizo anga monga wokonza: pa katundu wotchipa amene wadzaza m'mashopu a m'tauni, malo oyamba amene opanga amabera ndi pa koilo. Waya wochepa thupi, nthawi zina wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa, ndi mphete yaing'ono imene imakhuta isanafike pa ma amp olembedwa pa bokosi. Ma transistor akaphulika anthu amati anali ofooka, chikhalirecho anaphedwa ndi koilo yokhuta.

Ku mawaya akuluakulu nkhani ndi yomweyi, kungoti ziwerengero zimasintha. Magetsi ochokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amayenda pa mavoti 330,000, kudzera pa Leopards Hill, kupita ku Kabwe ndi ku Copperbelt, ndipo ena amapatukira pa Pensulo kufupi ndi Serenje kulowera ku Kasama ndi kwathu ku Chipata. Waya wautali chotere, wolendewera pamwamba pa nthaka makilomita mazanamazana, amakhala ngati capacitor yaikulu pakati pa iye ndi nthaka. Masana mafakitale ndi zigayo zikamakoka karenti palibe vuto. Koma katundu akachepa, monga pakati pa usiku, voteji ya kumapeto kwa waya imakwera kuposa ya kumene yachokera. Zimenezi zinaonekera koyamba pa mawaya a mavoti 10,000 a Sebastian de Ferranti ochokera ku Deptford kulowa mu London, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake. Zikapitirira muyeso zimaononga mathiransifoma.

Mankhwala ake ndi shunt reactor, koilo yaikulu yomizidwa m'mafuta, yolumikizidwa pakati pa waya ndi nthaka. Kunja imaoneka ngati thiransifoma, koma mawaya amangolowa, palibe otulukira mbali ina, ndipo chitsulo chake chamkati chimadulidwa mipata ingapo. Pa AC capacitor ndi koilo zimasinthana: pamene ina ikudzaza, inzake ikukhuthula. Ndiye mphamvu imene waya wautali uja akanaikankhira ku majenereta imangopita mu reactor n'kubwerera, ndipo voteji imakhazikika. Pa 50 Hz, kutanthauza kupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, karenti imadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, kutanthauza kuti reactor imadzaza n'kukhuthula ka 100 pa sekondi. Kulira kwa "mmmm" kumene mumamva podutsa pa sabusiteshoni kumachokera m'zitsulo za mathiransifoma ndi ma reactor, zimene zimanjenjemera pa liwiro lomwelo.

Ndinachita masamu a imodzi kuti ndione. Titenge reactor ya 30 MVAr (ndiwo muyeso wa kukula kwa ma reactor), chinthu cholemera matani ambiri. Ili ndi ma phase atatu, imodzi pa waya aliyense mwa mawaya atatu a laini, ndiye phase iliyonse ndi 10 MVAr, kapena kuti 10,000,000. Mukagawa 10,000,000 ndi 314, chimene ndi liwiro la 50 Hz m'masamu ake, mumapeza ma joule pafupifupi 32,000. Imeneyo ndiyo mphamvu yonse imene phase imodzi imagwira ikadzaza. Ingawiritse madzi a mamililita 100, osakwana ndi kapu ya tiyi yomwe. Chimphona chonsecho, ndi mpanda wake ndi chikwangwani cha chigaza, chimasunga zosakwana kuwiritsa ketulo, ndipo ngakhale zimenezo sichikhala nazo kupitirira 0.01 ya sekondi. Palinso ma reactor ena oikidwa motsatana ndi waya, amene ntchito yawo ndi kuchedwetsa karenti mawaya akagundana, kuti breaker ipeze mpata wodula zinthu zisanasungunuke.

Ntchito yomalizayi mutha kuionera pafupi popanda chilolezo cha aliyense. Pitani kwa owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Kalingalinga kapena ku Garden, muyang'ane makina aja okulunga okha, opanda chotchinga, mawaya ali pamtunda. Rodi ikakhudza chitsulo ndi short yeniyeni. Chimene chimaletsa karenti kuthamanga mopanda malire n'chakuti koilo yoyamba ndi yachiwiri zimakhala motalikirana, ndiye maginito ena amathawira mumpweya osafika ku yachiwiri. Maginito othawawo amagwira ntchito ya reactor. Makina asanayambe kuwotcha pamakhala mavoti 50 mpaka 80, moto ukagwira amatsika kufika 20 kapena 30, ndipo otsalawo agwidwa ndi maginito othawa aja popanda kusanduka kutentha. Pa makina a kufakitale, chogwirira chija mumapukusa posintha ma amp chimasuntha chitsulo mkati kuti maginito othawa achuluke kapena achepe. Mmisiri wa ku Garden amachita zomwezo posintha pamene wakoleka waya.

Chimene munthu wogwira magetsi ayenera kuopa pa koilo ndi nthawi yodula. Voteji imene imabala imadalira kufulumira kwa kusintha: mukadula karenti mofulumira kakhumi, voteji imakwera kakhumi. Koilo ya galimoto ya petulo imadyera pomwepa. Batire la mavoti 12 limayendetsa ma amp ochepa m'koilo yoyamba, mphamvu yake yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a joule. Ma points, kapena transistor pa magalimoto a masiku ano, amadula mwadzidzidzi. Mbali yoyamba imalumpha kufika mavoti mazana angapo, yachiwiri ya ma turn ochuluka pafupifupi ka 100 imafika 20,000 kapena kuposa, moto n'kuthetheka pa pulagi. Uko n'kofuna. Kumene sitikufuna timaikako njira yothawira. Relay iliyonse yoyendetsedwa ndi transistor imakhala ndi diode yopingasa pa koilo yake, yoyang'ana chakumbuyo, imene nthawi zonse imangokhala. Transistor ikadula, karenti imazungulira mu diode mpaka kufota. Kachinthu kotchipa kuposa fulitasi, koma mukakaiwala transistor simaliza sabata.

Apa ndiye pali chizolowezi china cha m'magalaji athu chimene ndimalimbana nacho. Munthu akufuna kudziwa ngati alternator ikutchaja, ndiye amaliza injini n'kuzula temino ya batire: ikapitiriza kulira, akuti ili bwino. Pa magalimoto akale opanda kompyuta zinkapita choncho. Koma mkati mwa alternator muli koilo yozungulira yodzaza maginito, ndipo regulator singawafafanize nthawi yomweyo; amafota pa liwiro lawo. Mukazula batire pamene likukoka karenti yambiri, karentiyo imasowa kolowera, ndipo kwa kachigawo ka sekondi waya wa mavoti 12 amatha kunyamula mavoti makumi angapo. Ma alternator ena atsopano ali ndi ma diode ogwira kulumphako, ena alibe, ndipo simungadziwe pongoyang'ana. Pa waya yemweyo pali computer box, wailesi ndi ma sensor, ndipo mtengo wa computer box ya galimoto zathu zochokera ku Japan aliyense amaudziwa. Ikani mita pa matemino injini ikulira. Ikaonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5, alternator ikutchaja, ndipo sipanala ibwerere m'bokosi.